Thalauza Ndinalisiya ku Mbayani

Kwawo kwa mkazi wanga, kuseri kwa phiri la Mulanje uko, dzina langa lenileni linafa chaka chatha. Mukafika n'kufunsa za bambo a Tiyamike, anthu amayamba ayang'anizana kaye, kenako wina n'kuti, "Oo, mukunena a Zothina?" Ndiye poti nkhaniyi ikukambidwa mosiyanasiyana, ena mpaka akuti ndinakafika kwa apongozi ndili mbulanda (bodza lamkunkhuniza, ndipo amene analiyambitsa ndikumudziwa), ndaona kuti ndiifotokoze ndekha mmene inayendera.

Ine sindichedwa kupsa mtima. Zimenezo sindibisa. Kuno ku Chilomoni makondakitala a minibasi akandiona pasiteji amayamba akonza kaye nkhope, ndipo galu wa aneba anasiya kundiuwa chifukwa ndinkamuyankha. Tsiku lina mutu utandivuta ndinapita kuchipatala. Namwino anandimanga chofinya chija pamkono, n'kuyang'ana, n'kubwereza, kenako anandifunsa ngati ndabwera ndi wondiperekeza.

"Bambo, magazi anu akuthamanga ngati aba nkhuku. Muchepetse mchere, muchepetse ukali, ndipo thupili muziliyendetsako."

Ndinamuuza kuti za ukali wanga sizikumukhudza. Iye anangoloza makina ake aja n'kuti, "Awa zikuwakhudza."

Mchere ndinachepetsa (anachepetsa ndi mkazi wanga, ine yanga inali kudandaula). Ukali unandikanika. Chotsala chinali kuyendetsa thupi, ndiye ndinagula njinga ya magiya ya kaunjika mumsika wa Ndirande n'kulowa kagulu ka azibambo amimba ngati ine amene amapalasa Loweruka lililonse m'mawa. Mtsogoleri wathu ndi Che Amidu, wogulitsa zipangizo za njinga ku Mbayani, munthu wamkulu kuposa tonsefe koma woonda ngati sipoko, ndipo pachitunda amakwera akuyimba mluzu pomwe enafe tikuona malemu agogo athu.

Pali chinthu chimodzi choti muchidziwe chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. M'gulu limeneli timavala makabudula othina aja a opalasa njinga, ogwira thupi ngati sokosi, okhala ndi kasiponji kumbuyo koti chishalo chisakupweteke. Panjinga amathandiza kwambiri. Ukangotsika panjingapo ndiye umakhala chionetsero. Tsiku loyamba kumuvala kabudula ameneyu mkazi wanga anandipempha kuti ndizidzera kuseri kwa mpanda, anthu a mpingo asanadzuke.

Nyengo yozizira itayandikira, Che Amidu anati tatopa nako kuzungulira Michiru ndi Chileka ngati mbuzi yapachingwe. Anati tikazungulire phiri la Mulanje: kudzera ku Thyolo, kukagona paboma la Mulanje, m'mawa mwake kukhotera ku Phalombe, n'kubwerera cha ku Chiradzulu. Masiku atatu, popanda galimoto yotitsatira. Aliyense katundu wake pakaliyala pake.

"Phiri silifunsa kuti m'chikwamamo muli chiyani," anatero. "Limangokukokera kumbuyo basi. Chinthu chimene suchigwiritsa ntchito tsiku lililonse, chisiye kwa akazi ako."

Kutatsala sabata, anatiitana kushopu kwake kuti tikayeze zikwama pasikelo ija yokoloweka ya ogulitsa nyama. Changa ndinali nditalongedza ngati munthu wanzeru: bulangeti, ambulera, wailesi, tochi, nsapato zosinthira, thaulo, ndi botolo la tsabola poti wa m'malesitilanti ndi wachibwana. Atachikoloweka, singano ya sikelo inazungulira n'kutsala pang'ono kubwerera pomwe inayambira. Mnzathu wina wa ku Bangwe, a Kapito, amene pakamwa pawo sipatsekeka ngakhale pamaliro, anachizungulira chikwamacho manja ali kumbuyo.

"Achimwene, pepani. Sitinamve kuti landilodi wakutulutsani. Nanga kama mwasiya kwa ndani?"

Onse anaseka, ngakhale munthu wina amene anangobwera kudzagula chubu. Ine makutu anatentha. Ndinamenya pakauntala n'kulumbira kuti Loweruka la ulendolo chikwama chopepuka kuposa zonse chidzakhala changa, ndipo chikadzapanda kutero a Kapito adzandimete mpala pamaso pa anthu onse a ku Mbayani. A Kapito anandigwira chanza msangamsanga ndisanasinthe maganizo.

Sabata imeneyo ndinasanduka wamisala. Bulangeti, wailesi ndi ambulera zinatuluka tsiku lomwelo. Thaulo linalowedwa m'malo ndi kampango kopukutira thukuta. Sopo ndinamudula mpaka anafanana ndi bokosi la machesi. Mswachi ndinaucheka chogwirira ndi sowo, n'kutsala kamutu kokha. Tchaja ya foni ndinaiyesa m'dzanja, n'kuiona kuti ikulemera, n'kuibwezera pashelufu. Ngakhale timapepala tija ta pakhosi pa malaya ndinatidula ndi lumo. Mkazi wanga ankangondiyang'ana, ndipo ndimadziwa kuti akakhala chete chonchi ndiye kuti pali chimene akuphika.

Lachinayi madzulo chinapsa. Mwana wathu woyamba, Tiyamike, anapeza mnyamata wa ku Zingwangwa, wokonza mafiriji, waulemu wake ndithu (ndinayesetsa kumupezera chifukwa, ndinalephera). Akwawo ankafuna kubwera kudzaonekera kuti za chinkhoswe ziyambe. Koma kwawo kwa mkazi wanga mwana ndi wa kuchikazi, ndipo amene amatsegula chitseko cha nkhani zotere ndi atsibweni ake. Atsibweni a Tiya ndi alamu anga a Edisoni, mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi ngakhale popita kudimba. Iwowa amati nkhani ya mwana si yapafoni ngati oda ya makala. Mwana wa mlongo wawo wina anamuimikira chinkhoswe chifukwa uthenga unafika pafoni, mpaka mnyamata wake anatopa n'kukakwatira kwina. Zimenezi Tiya ankazidziwa, ndipo masiku amenewo sankadya bwino.

"Bambo a Tiya," anatero mkazi wanga, "njinga yanuyo idutsa pakhomo pa amayi. Mukapatuke, mukakhale pansi ndi achimwene, mukawauze bwinobwino. Ndati bwinobwino, mwamva? Mukakakalipa kumeneko, mwana wanu akalambira pakhomo pano, ndipo muzidzamuyang'ana ndinu."

Anatulutsa majumbo awiri. Mu jumbo yoyamba munali thalauza langa lakuda lositasita, malaya oyera, jekete ndi nsapato zopolisha. Mu yachiwiri munali za apongozi: shuga, mchere, sopo, ndi chitenje chatsopano cha maluwa akuluakulu achikasu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe za sikelo. Tiya anali ataima pakhomo la kukhitchini, ndipo anangoti, "Adadi, chonde." Ndinatseka pakamwa.

Loweruka m'mawa tinakumana kwa Che Amidu. Nditafotokoza za jumbo ya apongozi, iwo anagamula kuti imeneyo isayezedwe. "Za apongozi sitiyeza. Umenewo ndi msonkho, aliyense amapereka." Koma jumbo ya thalauza anati ndi yanga, ilowe m'chikwama. Singano inapitirira ya a Kapito, ndipo a Kapito anapisa m'thumba n'kutulutsa lezala latsopano, likadali m'pepala lake.

"Ndiyambire kutsogolo kapena kunkhongo, achimwene?"

Apa ndi pamene mutu unandithawa. Ndinasolola jumbo ija n'kuiponya kuseri kwa kauntala, pamwamba pa matayala.

"Muli chiyani mmenemo?" anafunsa Che Amidu.

"Zosafunika."

Mumtima ndinkati kaunjika ali paliponse m'dziko muno, thalauza ndikagula pamsika ndikayandikira kwa apongozi. Anakolowekanso chikwama changa, singano inangosuntha pang'ono ngati ikuchita manyazi. Ndinapambana. A Kapito anabweza lezala lawo m'thumba, ine ndinakwera njinga ngati mfumu.

Ndinene zoona, tsiku loyamba lija linali lokoma kuposa masiku ambiri amene ndakhala ndi moyo. Tinatuluka mu Limbe utsi wa malole usanachuluke, tinadutsa Bvumbwe amayi akuyala kumene tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu, kenako minda ya tiyi inatseguka, yobiriwira mpaka kumene maso alekezera. Zitunda za ku Thyolo n'zosaseka nazo, koma njinga yanga inali yopepuka ngati ya mwana. Pachitunda china chachitali ndinawapitirira a Kapito akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, ndipo ndinawafunsa ngati akufuna ndiwanyamulire lezala lija. Pamtsetse mphepo inkandilowa m'malaya, ndinapezeka ndikuyimba nyimbo ya kwaya imene ndinaiwala kalekale. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri ndinatha tsiku lonse osakalipira munthu (kupatula dalaivala wa lole imodzi, koma ameneyo anayenera).

Titafika pa Mulanje madzulo tinapeza malo ogona. Poti chovala chinali chomwecho, ndinachapa kabudula wanga ndi kasopo kaja kuti aume pofika m'mawa. Pofinya ndinapotokola ndi mphamvu zanga zonse, ndipo ndinamva kenakake kakuti "the!" cha mumsoko. Ndinayang'ana mwachidule, sindinaone kanthu, n'kumuyanika pawindo. Kabudula wa kaunjika akalankhula, abale anga, muzimumvera.

M'mawa mwake kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kozizira, koma dzuwa litakwera mitambo inang'ambika ndipo phiri linaima pamwamba pathu, thanthwe lokhalokha, madzi akutsika m'mbali mwake ngati ulusi woyera. Tinadya chinanazi m'mbali mwa msewu, madzi ake akuyenderera m'zigongono. Ine mtima unali m'malo. Ndinkangoti tikafika pamsika wa kufupi ndi kwa apongozi ndigule thalauza, ndipite, ndikambe, ndibwere.

Tinafika pamsikapo. Silinali tsiku la msika. Mabenchi anali gwaa, agalu atagona pansi pake. Panali bambo mmodzi yekha ndi kamulu ka zovala, zambiri za ana. Anafufuza n'kupeza thalauza limodzi la munthu wamkulu. Ndinalowetsa miyendo, linafika m'maondo n'kukana.

"Thalauza lanji ili?" ndinatero.

"Bwana, thalauzali lilibe mlandu. Mlandu uli ndi nyamazi."

Ndinalivula n'kumuponyera, pamodzi ndi mawu ena amene sindingawalembe pano. Ndikukankha njinga ndinamumva akukuwa kuti kunyumba kwake, kuseri kwa chigayo pomwepo, ali nalo lalikulu. Ndinamva bwinobwino. Koma munthu ukachoka pamalo mokalipa sungabwerere n'kukati, "Tiyeni tikalione." Ndiye ndinapitirira, ndili ndi ulemu wanga wonse koma wopanda thalauza.

Ndinawafunsa anzanga. Onse anayang'ana miyendo yawo. Lamulo la Che Amidu linali litagwira ntchito, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananyamula thalauza. Che Amidu okha anatulutsa kamtolo kakang'ono, n'kukafunyulula: mkanjo wawo woyera wopempherera.

"Uwu ndimauvala kasanu patsiku, ndiye lamulo silinaugwire. Tengani, achimwene, ukukwanani."

Unali mtima wabwino, ndipo ndinathokoza. Koma ndinaganiza za a Edisoni, mkulu wa mpingo, akundiona ndikutulukira mumkanjo. Nkhani ya Tiya ikanadikira kaye, iwo akanayamba atumiza munthu kukaitana abusa. Ndinati ndiimbire mlamu wanga Esinati, mng'ono wake wa mkazi wanga, kuti andibweretsere thalauza la mwamuna wake kumsewu. Ndinatulutsa foni. Inali itazima. Tchaja inali pashelufu ku Chilomoni, yopepuka bwinobwino, ndipo nambala ya Esinati inali m'mimba mwa foni yakufayo.

Ndiye ndinakonza pulani. Anzanga akhale pa tiyirumu ya pamsewu. Ine ndisadzere njira ya kumaso, ndidzere kanjira ka m'munda wa nandolo kotulukira kuseri kwa nyumba, ndikamuitane mwamuna wa Esinati monong'ona, andibwereke thalauza, kenako ndizungulire n'kukaodira kumaso ngati mlendo waulemu. Pulani yabwino kwabasi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mkazi wanga anali ataimba kale foni kuti ndikubwera ndi nkhani yaikulu. Pakhomo anasesa, abale anaitanidwa, azibambo anakhala pamipando kumaso atayang'ana kumsewu. Ndipo azimayi onse a pamudzipo anali kuseri, akukonza chakudya cha mlendo, pamalo penipeni pomwe kanjira kanga kankatulukira.

Ndinatuluka mu nandolo muja ndikukankha njinga, chipewa cholimba kumutu, kabudula atandigwira ngati khungu lachiwiri. Mtondo unasiya kulira. Mayi wina amene ankasosola nkhuku anaima nthenga zili m'manja. Pakati pawo, pamphasa, panali apongozi anga enieni, lichero lili pamiyendo. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kukokera mpango kumaso, n'kutembenukira kukhoma.

Woyamba kupeza mawu anali Esinati, ndipo mlamu ndi mlamu, alibe chisoni.

"Mayo ine! Alamu, akuvulani achifwamba?"

"Ayi, avala," anatero wa nkhuku uja. "Koma zachita kupakidwa ngati penti."

"Nanga kumbuyoko? Alamu, mwayambiranso thewera?"

Kuthawa kunali kosatheka. Ndipo mkamwini sapereka moni kwa apongozi ali chiimire ngati mtengo wa magetsi. Umanjuta chapatali, n'kuomba m'manja, n'kudikira akuyankhe. Ndinatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, ndinasonkhanitsa ulemu wonse umene unatsala, n'kunjuta.

Phwee!

Msoko uja unamaliza zimene unayamba ku Mulanje. Unang'ambika kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo kasiponji kaja kanasuzumira panja kuti nako kapereke moni. Azimayi anabalalika. Ena analowa mu nandolo, wina anagwera pamtondo, Esinati anangokhala pansi n'kumamenya dothi ndi manja, misozi ili chuchuchu. Ine ndinadzigwetsa chokhala, n'kukwawa chamatako mpaka panjinga, n'kusolola jumbo ya apongozi. Chitenje cha maluwa achikasu chija, chimene mkazi wanga anasankha tsiku lonse mu Limbe, chinayamba ntchito m'chiuno mwanga. Ndinamanga mmene amamangira munthu amene sanamangepo nsalu chibadwire.

Umo ndi mmene anandiperekezera kumaso. A Edisoni anali pampando wa ndalema, jekete, tayi, nsapato zonyezimira, azibambo ena atakhala mbali ndi mbali. Anandiyang'ana kuyambira pachipewa, kutsika m'maluwa monse, mpaka kumapazi. Anandilozera kampando. Moni anapereka ngati akupereka kwa wodwala.

"Alamu, mlongo wanga anati mukubwera ndi nkhani yaikulu. Tsopano tiuzeni, nkhani yake ndi yomwe tikuionayi, kapena pali ina?"

Azibambo aja anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Ine ndinamva moto uja ukuyamba m'mimba, kukwera pachifuwa, kufika m'makutu. A Edisoni anapitiriza.

"Ife kuno ndife akumudzi, sitinapite patali ndi sukulu ngati inu a m'tauni. Koma nkhani ya mwana wa mlongo wanga sindingaimve kwa munthu amene wandilowera kuseri ngati fisi, n'kuchititsa manyazi mayi anga pamaso pa mudzi wonse. Bwererani. Akafuna adzabwere mwini wake, mwina chaka chamawa tikakolola."

Chaka chamawa! Mawu anali atafika kale pamilomo, okonzeka bwino, oyambira pa tayi wawo uja. Ndinadzuka kuti ndiwaloze chala. Ndili pakatikati podzuka ndinamva mfundo ya chitenje ikumasuka, nsalu ikutsetsereka pang'onopang'ono. Ndinaigwira ndi manja onse awiri n'kukhalanso pansi msangamsanga.

Apa ndi pamene ndinatulukira chinthu chimene namwino uja sanandiuze. Ukali wanga umafuna zipangizo. Umafuna miyendo yoimirira ndi chala cholozera. Munthu amene wakhala pakampando, maondo ataphatikiza, manja onse awiri atagwira nsalu pamchombo, sangakalipe. Ndinayesa, mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa sukulu. Ndipo m'kanthawi kameneko ndinaona nkhope ya Tiya pakhomo la kukhitchini paja.

"Alamu," ndinatero, "mwanena zoona. Ndalakwa. Mlongo wanu anandisitira thalauza ndi jekete, ine ndinazisiya ku Mbayani chifukwa cha makani a zibwana. Manyaziwa ndi anga, musamulipitse mwana. Tiyamike wapeza munthu. Akwawo akupempha kuti adzaonekere kwa inu, eni mbumba. Ndi zimene ndabwerera."

Azibambo aja anayang'anizana. Ineyo ndinadabwa kuposa onse, poti mawu akuti "ndalakwa" ndinali ndisanawayesepo pakamwa panga, ndipo sanandiphe.

A Edisoni anakonza tayi, akufunafuna pokanira. Koma kuseri kwa ngodya ya nyumba kunamveka kutsokomola. Anali apongozi. Iwo ndi ine sitilankhulana maso ndi maso, ndiye mawu awo ankadzera mwa Esinati, ngakhale tonse tinkawamva bwinobwino.

"Afunse, achokera ku Blantyre panjinga pomwepo?"

"Akuti, alamu, mimba yonseyi mwaikweza nokha mapiri a ku Thyolo?" anatero Esinati.

Ndinavomera.

"Edisoni," anatero apongozi, tsopano osadzeranso mwa munthu, "za mwana wa mlongo wako uja unati foni ndi chipongwe, nkhani imafuna miyendo. Uyu wabwera ndi miyendo, tonse taiona, mwinanso taiona mopitirira. Zovala zathera panjira. Ukufuna abwere bwanji, chokwawa? Ndiponso zaka zonsezi bambo awa mawu awo ndimawamva akadali kumsewu. Lero akhala pansi, alankhula ngati munthu. Iweyo ukuti abwerere kuti akavale thalauza lija amakalipira nalo?"

Azibambo aja analephera kudzigwira. Ngakhale a Edisoni pakamwa panagwedezeka, anabisa ndi kampango. Kenako anati, "Chabwino. Anthuwo abwere mwezi wamawa, tidzawalandira." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thalauza lawo lakumunda. A Edisoni ndi aafupi, ndiye linandilekeza m'katumba, batani osatseka, koma sindinavalepo chovala chokoma ngati chimenecho.

Nditapinda chitenje kuti ndichipereke kwa mwini wake, yankho linabwera kudzera mwa Esinati. "Akuti nsalu imene yaona zimene yaonazo iwo sangaivale. Mutenge ndi yanu. Yawo mudzawapatse pachinkhoswe, ndipo ikhale yosayesa."

Titadya, ndinati nditsanzike, anzanga akundidikira. Apa mpamene msonkho unabwerera kwa mwini wake. Mlendo wobwera ndi nkhani yabwino sachoka chimanjamanja, ndipo mkamwini amene wangokhululukidwa kumene sangati, "Pepani, ndikuyenda mopepuka." Anabweretsa kathumba ka nandolo. Anabweretsa kalongonda, nyemba zija mkazi wanga amazilota. Phava la nthochi, zinanazi, dzungu lalikulu ngati mutu wa a Kapito. Pomaliza Esinati anabwera ndi tambala wamoyo, womanga miyendo, n'kumukhazika pamwamba pa zonsezo.

"Ameneyu ndi wa Tiya, alamu. Akafike wamoyo. Ndipo musakangane naye panjira."

Nditatulukira pa tiyirumu paja, thalauza lolekeza m'katumba, njinga yosaoneka ndi katundu, tambala akuyang'ana uku ndi uku ngati ndiye mwini ulendo, a Kapito anaseka mpaka anagona pabenchi. Anati tikoloweke pasikelo. Che Amidu anangozungulira njingayo, n'kufunsa funso limodzi.

"Nkhani ya mwana yatheka?"

"Yatheka."

"Basi. Za apongozi sitiyeza." Anamasula kathumba ka nandolo n'kukamanga panjinga yawo. Wina anatenga nthochi, wina zinanazi. Dzungu linagwera a Kapito. Ine ndinatsala ndi kalongonda ndi tambala.

Tsiku lomaliza tinakwera zitunda za ku Chiradzulu tonse titalemedwa, tonse tikutukwana dzungu ndi nandolo, ndipo palibe amene anatsika kukankha. Tambala ankalira pachitunda chilichonse ngati akutiwerengera. Ine ndinapalasa m'thalauza la a Edisoni, mwendo umodzi nditaupisa musokosi kuopa tcheni. Pamene nyumba za ku Limbe zinayamba kuoneka, miyendo inali ngati ya munthu wina, koma mumtima munali mopepuka kuposa chikwama chija.

Kunyumba nkhani inali itafika kale, poti mafoni a anthu ena amakhala ndi moto. Mkazi wanga anandidikira pakhonde, jumbo ya thalauza ija ili pamiyendo (anakaitenga yekha ku Mbayani). Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinakonzeka. Koma Tiya anatuluka chothamanga n'kundikumbatira ndi thukuta langa lomwelo, tambala akukupiza mapiko pakati pathu, ndipo mayi ake anayesa kukwiya, n'kulephera, n'kuyamba kuseka mpaka aneba anasuzumira pampanda.

Chinkhoswe chinachitika, ndipo chinali chabwino. A Edisoni analankhula nthawi yaitali, apongozi analandira nsalu yawo yosayesa, ndipo pamene ndinalowa m'bwalo kukavina, azimayi a kwawo kwa mkazi wanga analulutira n'kumakuwa kuti, "A Zothina! A Zothina!" Ndinavina. Nanga ndikanatani? Mwezi wotsatira namwino uja anandimanganso chofinya chake, n'kuyang'ana, n'kumwetulira, n'kufunsa chimene ndasintha. Ndinamuuza kuti njinga. Zinazo sizikumukhudza.

Chitenje cha maluwa achikasu chija chili pamsomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Masiku ano ndikangoyamba kukweza mawu m'nyumba, kaya ndi za magetsi, kaya ndi za mchere, mkazi wanga sakangana nane. Amangoyang'ana kuchitseko n'kufunsa mofatsa kuti, "Bambo a Tiya, ndikumangeni?" Ndipo ndimakhala pansi.

Mwezi uno tikukwera phiri la Zomba. Mswachi ndi womwe uja wopanda chogwirira, sopo ndamudula kale. Koma choyamba kulowa m'chikwama chinali thalauza, ndipo chachiwiri tchaja. Dzulo poyeza, singano inapitirira ya a Kapito, iwo n'kuyamba kupisa m'thumba kufuna lezala. Ndinawauza mawu angapo, nditaimirira, chala chili m'mwamba. Chitenje chinali kutali, ku Chilomoni.